Paudala M'kamera ya Amalume

Mukalowa mu babashopu ya amalume anga, musanaone galasi lalikulu kapena mipando, maso anu amayamba agwera pa felemu yomwe ili pamwamba pa shelefu ya makina ometera. Lero muli chithunzi. Koma kwa zaka zambiri felemuyo inali yopanda kanthu, galasi kutsogolo, chikatoni kumbuyo, ndipo amalume ankaipukuta m'mawa uliwonse ngati muli nkhope ya munthu.

Kasitomala wachilendo ankafunsa ndithu. "Madala, chithunzi chinagwa?"

"Sichinagwe," ankatero amalume, makina ali ng'wee m'mutu mwa munthu. "Chikubwera."

Amalumewa ndi alongo awo a mayi anga, ndipo anayamba kumeta ine ndisanabadwe. Ndi aafupi, ojintcha, ndipo nthawi imeneyo anali ndi ndevu zofika pachifuwa. Ukawafunsa za ndevuzo ankangoti wometa sadzimeta. Dzanja lawo linali lodziwika msewu wonse: lezala ankaliyendetsa m'mbali mwa khutu la mwana wolira, osasiyapo ngakhale kachilonda. Pomaliza pa zonse pankabwera paudala. Anali ndi kampira kofiira, kooneka ngati peyala, kokhala ndi kamlomo kosongoka. Ankakafinya pakhosi pa kasitomala, fu fu fu, kenako burashi yofewa, shwa shwa, kenako n'kukutumula nsalu. Kwa amalume, munthu wosathiridwa paudala sanametedwe.

Ine ndimagulitsa machaja, makava a foni, mahedifoni ndi magalasi oteteza sikirini pakhonde pa babashopu yomweyo. Malowo anandipatsa ndi amalume, ndipo okoma ngati amenewa sindinawaonepo. Munthu wodikira kumetedwa amatulutsa foni, ndipo asanatsegule uthenga, ine ndaona kale kuti sikirini yake ili ndi mng'alu. Mwa anthu khumi odikira, atatu amapita ndi katundu wanga. Za m'kati mwa shopu ndimazimva zonse, pakuti chitseko sichitsekedwa.

Matenda a nyenyezi anawagwira amalume atakula kale. Mkulu wina wojambula maukwati, posiya ntchito, anawagulitsa kamera yakale, ya lenzi yochotsa ndi kubwezera. Patapita chaka anapeza telesikopu, chubu choyera chotalika ngati mkono, chokhala pa miyendo itatu. Akachotsa lenzi n'kumangirira kamera kumbuyo kwa chubucho, zinthu zakumwamba zimene ife timaziona ngati mchere womwazika zimatuluka ndi maonekedwe ake. Makasitomala anachitcha mzinga, ndipo eni akewo anayamba kutchedwa a Mlalang'amba. Madzulo alionse kukakhala kopanda mitambo, ankatseka shopu, n'kukwera makwerero a kuseri, kupita padenga la konkire, mzinga uli paphewa.

Zithunzi anajambula zambiri. Mwezi, wathunthu ndi wodukiza. Timagulu ta nyenyezi. Koma palibe chinalowa m'felemu.

"Mwezi? Mwezi ngakhale iwe mphwanga uujambula ndi foni yako yogulitsayo," ankandiuza. "Muno mulowa nyenyezi ya mchira. Imabwera mwa apo ndi apo, ngati kasitomala wolipira osanenerera."

Azakhali, akazi awo, amaphika makeke a maukwati ndi a masiku obadwa. Makeke awo ndi osalala pamwamba ngati galasi, koma amawaphikira m'kauvuni kakale kamene kamapsereza mbali imodzi, moti keke iliyonse amaitembenuza ili pakatikati, kenako n'kupala kopsererako ndi mpeni. Uvuni watsopano anauona kalekale pawindo la sitolo ina, ndipo ankaupatsa moni podutsa.

Ndiye kunamveka pawailesi ndi m'mafoni kuti kukubwera nyenyezi ya mchira. Idzaoneka kumadzulo, dzuwa likangolowa, kwa masiku ochepa chabe. Tsiku lililonse idzakhala ikutsika ndi kuzilala, ndipo ikapita, ngakhale zidzukulu zathu sizidzaionanso. Amalume atamva anameta mwana wina mbali imodzi n'kumuthira paudala, ati amaliza.

Tsiku lomwelo azakhali anabwera ku shopu ndi chakudya cha masana. Anapeza mboni ziwiri zili pabenchi: adalaivala a minibasi, a tsitsi lowirira, amene pakamwa pawo sipazizira, ndi abutchala, a dazi lowala mpaka kunkhongo, amene amabwera sabata iliyonse "kudzasalazitsa," ngakhale aliyense akudziwa kuti amadzera nkhani.

Azakhali anaika chakudya pashelefu, n'kuloza felemu.

"Abambo, ndamva kuti mlendo wanu uja wafika."

"Wafika, mayi! Wafika ndithu!"

"Chabwino. Ndapirira, ndalowa m'bulangete ndekha zaka zonsezi inu muli padenga ngati mphaka. Tsono timvane pamaso pa anthuwa. Nyenyezi imeneyi ikapita felemu ili chonchi, kamera ndi mzinga wakewo zisanduka uvuni." Anatembenukira kukhonde. "Iwe wa machaja, ukumva? Wogulitsa ndiwe."

"Ikalowa m'felemu?" anafunsa amalume.

"Ikalowa, sindidzatchulanso za uvuni pafupi ndi kamera yanu."

"Tagwirizana!"

Adalaivala anaomba m'manja. "Ife ndiye tidya mbali zonse. Kukhala chithunzi tiona, kukhala uvuni tidya keke."

Ine ndinali ndisanayankhe n'komwe, mutu unali utathamanga kale. Wogula ndinamudziwa: mnyamata wina wojambula mavidiyo a nyimbo amene ankaisirira kamerayo. Koma mbali ina ya mutu womwewo inaona chinthu chokoma kuposa: kava ya foni yakuda bii, nyenyezi ya mchira itadutsa pakati, yojambulidwa padenga lathu lomweli. Kamera umaigulitsa kamodzi. Makava umagulitsa mpaka mwezi usanduke tchizi.

Madzulo amenewo amalume anakwera, ndipo anatsika akuimba. M'mawa mwake shopu inadzaza ngati kuli mpira. Analumikiza kamera ku tivi ya pakhoma, n'kuimirira pambali, dzanja lili m'ndevu.

Nyenyezi inalipo. Kamutu kowala, mchira wautali wotuwa ukuloza m'mwamba. Tonse tinati "Eee!" Koma "eee" wathuyo anathera pakhosi. Pamwamba pa mchirawo panagona chimzere chakuda chopindika, ndipo uku ndi uku kunali timikombero totuwa ngati zipsera za zipere.

"Njoka!" anakuwa adalaivala. "Njoka ikumeza nyenyezi! Madala, mwatulukira zinthu, itanani atolankhani!"

Amalume sanaseke. Anadina chithunzi chachiwiri, chachitatu. Nyenyezi inkasuntha pang'ono pa chithunzi chilichonse, koma njoka ndi zipere zinali pamalo omwewo, osagwedezeka. Anachotsa kamera ku tivi, naibwezera lenzi, najambula khoma loyera la shopu, n'kulumikizanso. Pakhoma loyeralo, njoka ija phee, ili pomwepo.

"Kumwamba kuli bwinobwino," anatero motsitsa. "Zinyalala zili m'kati."

Anatifotokozera. M'kati mwa kamera, ukachotsa lenzi, muli kagalasi kakang'ono ngati sitampa, kamene amati sensa. Kuwala konse kumagwera pamenepo. Kafumbi kakakhala pa sensa, kamaika mthunzi wake pa chithunzi chilichonse. Pa zithunzi za mwezi wowala sizinkaoneka kwenikweni, koma chithunzi cha chinthu chozilala umachiwalitsa, ndipo ukachiwalitsa, zobisika zonse zimatuluka.

"Nanga njokayo?" anafunsa abutchala.

"Tsitsi."

Shopu yonse inayang'ana pashelefu. Pamenepo, pakati pa makina ometera ndi zipeso, ndi pomwe amalume ankachotsera lenzi madzulo alionse, kamera ili yasa kuloza kudenga, mumpweya mukuuluka zometa za tsiku lonse.

"Tsitsi la ndani?" anatero adalaivala, maso ali pa tivi. Anayandikira, napendeketsa mutu. "Ili ndi langa ili. Taonani kupindika kwake. Amangwetu, tsitsi langa lafika kumwamba ine ndisanakwereko ndege!"

"Lanu ndi lonenepa ngati chingwe cha mabuleki," anatero mnyamata wina pamzere. "Limenelo ndi langa."

Abutchala anasisita dazi lawo modekha. "Ine pa mlandu umenewu mundichotse."

Tinaseka mpaka misozi. Amalume nawo anaseka, pakuti vuto lodziwika dzina ndi vuto lochepa. Anati anaonerapo pafoni mmene akatswiri amachitira: sensa suiuzira ndi pakamwa, chifukwa malovu amawaza, suikhudza ndi chala kapena mpango. Umaipopera mpweya ndi kampira.

"Ndipo kampirako," anatero akumwetulira, "ndili nako kale."

Anatenga kofiira kaja. Anakatsegula, nakhuthula paudala yense m'chivindikiro, nakagogoda pashelefu. Anakafinya m'mwamba, fu, osatuluka kanthu. Anakafinyira padzanja, fu, dzanja loyera bwino. Ndiye anachotsa lenzi, nadina malo otsegula sensa, naloza kamlomo m'kati.

Fu. Zabwinobwino.

Fu. Zabwinobwino.

Kachitatu anafinya ndi mphamvu, ngati pakhosi pa adalaivala. Paudala wa zaka zambiri amene anaumbika pansi pa kampirako anagumuka. Kamtambo koyera kanatuluka m'kamera, kanakwera, kanakhala pa ndevu.

Zimene zinatsatira sindingawaimbe nazo mlandu. Dzanja limene lakhala likuthira paudala kuyambira ine ndisanabadwe limadziwa chinthu chimodzi chobwera pambuyo pa paudala. Pakamwa panga panali patatseguka kuti ndikuwe, koma dzanjalo linali litafika kale pa burashi ya pakhosi. Shwa. Shwa.

Amalume anayang'ana burashi ili m'manja mwawo ngati wina wawagwiritsa.

Anajambulanso khoma. Pa tivi panatuluka chifunga, chokhala ndi mizere ya mafuta a m'mutu mwa anthu a msewu wonse. Njoka ija inali itabereka ana.

Kenako adalaivala ananunkhiza mpweya.

"Komatu yametedwa bwino. Ikununkhira. Ilipire basi."

Madzulo amenewo amalume anakwera padenga opanda mzinga. Ndinawatsatira nditalongedza katundu. Ndinawapeza atakhala pa ndowa yovundikira, akuyang'ana kumadzulo. Nyenyezi inkaoneka ndi maso, kachizimezime, pamwamba pa nyumba yosungiramo katundu ya kutsidya kwa msewu.

"Dzulo inali apo," anatero, akuloza m'mwamba pang'ono. "Lero ili apa. Ikafika padenga la nyumba iyo, basi, mphwanga, ukayambe kufunsa mtengo wa uvuni."

Ndinatambasula mkono, n'kuyeza ndi zala mpata wa pakati pa nyenyezi ndi dengalo, n'kuyerekeza ndi mmene yatsikira kuchokera dzulo. Masiku otsala ankakwana m'dzanja limodzi, zala zina n'kutsalako.

Ndinaimbira mwenye wa hosale amene ndimaodako katundu. Anati zopukutira sensa alibe, koma aitanitsa. Zifika ndi katundu wotsatira. Ndinamuchonderera mpaka anandidulira foni. Ndinamuimbiranso.

M'mawa mwake ndinapita kunyumba kwa amalume ndi nkhani ya kwa wogula uja. Ndinapeza azakhali atagwada m'khitchini ndi tepi, akuyeza mpata wa pakati pa sinki ndi kabati, akuimba nyimbo ya kwaya.

"Wabwera ndi mtengo?"

"Zakhali, wogula wamva za paudala. Adalaivala aiulutsa pa siteji yonse. Akuti kamera yotere angaigule ngati chidole cha mwana."

Nyimbo inaduka. "Ukutanthauza kuti chithunzi palibe, uvuninso palibe?"

"Pokhapokha itayera."

"Nanga ikayera, amalume akowo akajambula."

"Akhoza kujambula."

Azakhali anakulunga tepi pang'onopang'ono. Anayang'ana kauvuni kawo kakale, kenako mpata woyezedwa uja. "Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kuthira paudala m'maso mwa kamera," anatero. Anafuna kukwiya, koma mapewa anayamba kugwedezeka, mpaka anakhala pansi, misozi ili mbwe. "Ndi burashi yomwe! Anaifunditsanso nsalu?"

Katundu anachedwa. Amalume ankameta mwakachetechete, ndipo kampira kofiira sankakakhudza. Makasitomala ankatuluka akudzisisita pakhosi ngati aiwala chinthu. Madzulo alionse nyenyezi inkatsika. Tsiku limene phukusi linafika, n'kuti dzulo lake kamutu ka nyenyezi katatsala chala chimodzi pamwamba pa denga lija.

Ndinathamanga nalo. M'katimo munali kampira katsopano kakuda, kosalawa paudala chibadwire. Kabotolo ka mankhwala kochepa ngati ka m'maso. Ndi timitengo ta mutu wophwatalala, wokutidwa ndi kansalu, kalikonse m'pepala lake lomata. Timitengoto tinali tochepa, ndipo kalikonse kamagwira ntchito kamodzi.

"Tsekani shopu, malume! Tipukutire kuti?"

Apa ndiye panali mutu. Mu shopu muli tsitsi. Pakhonde pali fumbi la msewu. Kunyumba, khitchini ndi pabalaza ponse pamauluka ufa wa makeke. Ndinakumbukira mmene ndimamatira galasi pa foni yanga: ndimalowa m'bafa nditangosamba madzi otentha, nthunzi itagwetsa fumbi lonse pansi. Mwa magalasi omata pakhonde, limodzi mwa anayi limatsekera kafumbi; a m'bafa sanandichititsepo manyazi.

Azakhali atamva, nkhani anaitenga ngati yawo. Anawiritsa madzi m'mapoto onse, nawakhuthulira m'beseni m'bafa, natseka chitseko. Anatipatsa tizipewa tapulasitiki tophikira. Anatisambitsa m'manja mpaka m'zigongono. Nthunzi itachepa, anaima pakhomo ngati mlonda, n'kuwayang'ana amuna awo kuyambira kumapazi. Maso anaima pachifuwa.

"Izo sizilowa."

"Ziti?"

"Ndevu. Muli tsitsi la anthu a chaka chatha m'menemo. Muli paudala. Mwina mulinso chipeso chinasowa chija."

"Mayi, ndevu izi ndi zakale kuposa ukwati wathu."

"Ndiye mukhale nazo panja, tilowe ife."

Amalume anayang'ana pawindo. Dzuwa linali litapendeka. Anapita kuseri kwa nyumba ndi sizasi ndi lezala, ndipo posakhalitsa kunabwera munthu wina wake wachibwano chaching'ono chotuwa, wofanana kwambiri ndi mayi anga. Azakhali anagwira pakamwa.

"Kodi ndinakwatiwa ndi kamnyamata?"

Tinalowa atatu m'kabafa kosakwana anthu awiri. Ine ndinapanikizika kukhoma, tochi ya foni ili m'manja. Batire la kamera linali lodzaza, chifukwa likathera pakati, chitseko cha sensa chimatsekeka n'kuluma kamtengo. Amalume anazondotsa kamera, kukamwa kwake kuloza pansi, napopa ndi kampira katsopano. Paudala ankagwa m'kuwala kwa tochi ngati mvula yowaza. Anapopa mpaka osagwanso kanthu. Otsala anali omatirira ndi mafuta a burashi.

Anaika kamera pa thaulo, nang'amba pepala la kamtengo koyamba, nadonthezera mankhwala. Anayandikitsa.

Dzanja linayamba kunjenjemera.

Dzanja lomwe lija, la lezala pakhutu la mwana wolira. Kamtengo kankagwedezeka ngati mchira wa galu. Anabweza, napuma, nayesanso. Zinaipiraipira.

"Khutu la mwana limapola," ananong'ona. "Iyi ikakandika, yakandika."

Azakhali anatambasula dzanja. "Bweretsani. Amati achite bwanji?"

"Kuyambira mbali iyi mpaka iyo, kamodzi, osaima, osabwerera. Kenako mutembenuze kamtengo, mubwerere ndi mbali inayo. Mukatero mutaye."

"Basi? Imeneyo ndi keke. Ukaima pakati pamatsala mzere."

Anagwira kamtengo mmene amagwirira mpeni wosalazira shuga wa pamwamba pa keke. Anaika mutu wake m'mphepete mwa sensa. Asanakoke, anayang'ana amuna awo.

"Mukudziwa kuti ndikupukuta uvuni wanga?"

"Ndikudziwa, mayi."

"Muzidziwa."

Anakoka. Mzere umodzi wosalala, ngati madzi. Anatembenuza, nabwerera. Kamtengo kanatuluka kotuwa. Kachiwiri kanatuluka koyererako. Tikapukuta, amalume ankabwezera lenzi, kujambula matailosi oyera, n'kukulitsa chithunzi pa kasikirini ka kumbuyo, mitu itatu ya zipewa zapulasitiki ikugundana. Chifunga chinachoka. Ana a njoka anachoka. Njoka yeniyeni inachoka, ndipo ndinamva chisoni pang'ono chifukwa cha adalaivala.

Tinatsala ndi kamtengo kamodzi, ndi kadontho kamodzi kakuda, m'mwamba mwa chithunzi, pomwe mchira ukanadutsa. Pa sensa penipenipo sitinkakaona ndi maso. Azakhali anang'amba pepala lomaliza, naloza m'mphepete mwa m'mwamba, kuti atsindikize kumeneko.

"Imani!" Amalume anawagwira mkono. "Kali pansi."

"Abambo, tonse takaona m'mwamba."

"Pa chithunzi, inde. Koma galasi la kamera limazondotsa. Za m'mwamba zimagwera pansi pa sensa. Ine moyo wanga wonse ndagwira ntchito ndi zinthu zotembenuka. Munthu akaloza khutu pagalasi, ndimadziwa lomwe akunena. Tsindikizani pansi."

Mawu amenewo sananjenjemere. Azakhali anawayang'ana, natsitsa kamtengo, nakoka.

Matailosi anatuluka oyera mbee, ngodya mpaka ngodya.

Sindikudziwa anayamba kukuwa ndani. Tinatuluka m'bafa ngati mbuzi zotsegulidwa m'khola, zipewa zili kumutu, kamera itatsekedwa n'kukulungidwa m'thumba lapulasitiki. Dzuwa linali litakhala pamadenga. Tinathamanga msewu wonse, amalume patsogolo, azakhali akugwira chitenje ndi dzanja limodzi, anthu akupatuka.

Pa shopu tinapeza adalaivala ndi abutchala akudikira pakhonde. Adalaivala anatchinga njira.

"Pepani achimwene, shopu njotseka, eni ake kulibe." Anayang'anitsitsa. "A Mlalang'amba? Mayo ine! Akumetani ndani? Anakuthirani paudala?"

"Nyamulani miyendo ya mzinga, dalaivala, mulongolola kumwamba!"

Tinakwera tonse, ngakhale abutchala, amene makwerero analira nawo gawo lililonse. Aka kanali koyamba azakhali kuponda padengapo. Amalume anamangirira kamera ku mzinga msangamsanga, kukamwa kwake kuloza pansi, thupi lawo likutchinga mphepo. Kumadzulo kunafiira, kenako kunayamba kuthima. Tinayang'ana, tinayang'ana. Palibe.

"Yapita," anatero abutchala.

"Iyo!" Anali azakhali. "Apo, pamwamba pa malata, pafupi ndi thanki!"

Inalidi pomwepo, kamutu katatsala pang'ono kukhudza denga, mchira uli chilili.

"Aliyense aime pomwe ali," analamula amalume. "Wosuntha phazi agwedeza chithunzi. Dalaivala, ngakhale pakamwa."

Adalaivala anadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri. Kamera inati tcha, n'kukhala chete nthawi yaitali ikumwa kuwala, n'kutinso tcha. Kenako kachiwiri. Kenako kachitatu. Abutchala anaima ndi mwendo umodzi uli patsogolo, mmene lamulo linawapezera. Tinakhala choncho ngati zipilala mpaka kamutu kanamira kuseri kwa malata, mchira n'kutsatira.

Amalume anadina kasikirini, koma sanayang'ane. Anapatsa azakhali.

Azakhali anayang'ana nthawi yaitali, kuwala kuli pankhope.

"Hmm," anatero. "Yasalala."

M'mawa mwake pa tivi panalibe njoka, panalibe chipere. Thambo lobiriwira mwakuda, denga la nyumba ija ndi thanki yake pansi, ndipo pamwamba pake nyenyezi, mchira wake utagawika pawiri kumapeto, chinthu chimene ndi maso sitinachione. Adalaivala anafufuza tsitsi lawo ngodya zonse, ndipo atalisowa anati chithunzi choyamba chinali ndi moyo kuposa ichi. Ndinakachapitsa ine, pa pepala lonyezimira. Amalume anachotsa chikatoni chija, nalowetsa chithunzi, nakweza felemu, shopu yonse ikuimba nthungululu ndi malikhweru, mwana wina ali pampando mutu wometedwa theka.

Azakhali anasunga pangano: za uvuni sanatchulenso pafupi ndi kamera. Koma kamerayo siigonanso pashelefu. Imakhala kunyumba, m'chitini cha keke chotseka bwino, pamwamba pa kabati, ndipo amalume akaifuna amapempha. Lenzi amachotsera m'bafa basi. Nthawi zina madzulo ndimaona mitu iwiri padenga, ndipo ndimamva mawu a azakhali akuti, "Sunthani, mwaona kale inu." Ndevu sizinabwererenso; azakhali ati anazolowera kamnyamata. Kampira kofiira kanabwerera pantchito, koma amalume anakamanga ndi chingwe kumpando, kuti kasadzayendenso.

Makava a nyenyezi ndinapangitsa. Oyamba anatha sabata isanathe, ndipo abutchala anagula awiri ngakhale foni yawo ndi ya mabatani. Tinagwirizana kuti phindu tizigawa patatu: la wojambula, la wogulitsa, ndi la wopukuta. La wojambula, ndaona, limathera m'chitini chimodzi ndi la wopukuta. Ndaoda ena ambiri, ndipo ndikuganiza za makapu ndi mawotchi a pakhoma.

Makeke akupsererabe mbali imodzi. Koma mukalowa m'khitchini mwa azakhali, pakati pa sinki ndi kabati pali mpata wopanda kanthu, wosesedwa bwino, ndipo salola munthu kuikapo ngakhale ndowa. Dzana mayi wina wodzatenga keke anafunsa ngati panali chinthu chimene chinabedwa.

"Sichinabedwe," anatero azakhali, akupala kopserera ndi mpeni. "Chikubwera."